Banja laling'ono la njuchi ndi mpamba: lisungeni pofunda mpaka maluwa abwere

Tsogolo la uchi umene udzagulitsidwe m'misika mu Novembala ndi Disembala likudziwika m'miyezi ino ya Juni ndi Julayi. Alimi ambiri a njuchi akangofula uchi wa m'masika, maso awo amakhala pa ming'oma yodzaza imene yawapatsa ndalama. Ija muli njuchi zochepa, zomwe zidalowa mvula itangosiya, amaisiya kuti idzionere yokha. Akabwererako mu Sepitembala amapeza mng'oma uli pululu, njuchi zidathawa kalekale, mwangotsala nyerere ndi ukonde wa mphutsi.

Kutaya banja la njuchi n'kutaya mpamba. Mng'oma mudagula kapena mudakhometsa kwa kalipentala, waya mudagula, ndipo mudadikira miyezi kuti njuchi zilowe. Zikachoka, zonsezo zimagona chaka chathunthu osabweretsa ndi tambala yomwe. Sabata ino tikambirana momwe mungasungire banja laling'ono la njuchi pofunda ndi potetezeka. Mfundo yake ndi imodzi: nyumba ndi khomo zikhale zolingana ndi kukula kwa banja. Zina zonse zikungotsatira pamenepo.

Banja laling'ono ndi liti?

Mu mng'oma wamakono wa timatabwa tapamwamba, umene ena amautcha wa ku Kenya, mumakhala timatabwa pafupifupi 30. Banja lamphamvu limamanga zisa pa timatabwa tambiri mwa iti. Ngati njuchi zanu zamanga ndi kuphimba zisa 5 kapena zochepera apo, banjalo ndi laling'ono. Mu mng'oma wa mabokosi wotchedwa Langstroth, momwe bokosi limodzi limatenga mafulemu 10, banja limene silidadzaze theka la bokosi lapansi nalonso ndi laling'ono.

Mabanja otere amachokera kutatu. Ena ndi magulu a njuchi amene adalowa okha mu mng'oma mochedwa, maluwa atayamba kutha. Ena ndi amene mlimi adagawa kuchokera ku mng'oma waukulu. Enanso adali akulu, koma mwini wake adafula uchi wonse mpaka kudula zisa za ana. Onsewa vuto lawo ndi limodzi: antchito ndi ochepa pomwe ntchito ndi yambiri. Njuchi zomwezo zifunditse ana, zomwezo zilondere pakhomo, zomwezonso zikasake chakudya.

Chisanu chimadya uchi wanu

Mazira ndi mphutsi za njuchi zimakula bwino pa kutentha kwa madigiri 34 kapena 35, usana ndi usiku. Kunja kukazizira, njuchi zimaunjikana pa zisa za ana n'kumanjenjemeretsa minofu ya mapiko kuti zitulutse kutentha. Nkhuni za moto umenewu ndi uchi. Usiku uliwonse wozizira njuchi zimadya uchi umene zidasunga, ndipo banja likakhala laling'ono kutentha kumathawa msanga, monga momwe kamphika kakang'ono kamazizirira msanga kuposa mphika waukulu.

Kuno kwathu chisanu sichifanana. Kumapiri a Dedza, Ntcheu, Mzimba ndi Zomba usiku wa Juni ndi Julayi kutentha kumatsika pansi pa madigiri 10, ndipo pamwamba pa Nyika udzu umachita kuundana m'mamawa. Ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre kuli chiperoni, mphepo yozizira ya kamvula kowaza imene imatha kukhala masiku angapo njuchi osatuluka. M'mbali mwa nyanja kuli mwera. Ku Chikwawa ndi Nsanje chisanu si nkhani yaikulu, koma njala ya maluwa ndi adani a njuchi ziliko ndithu.

Njuchi zikalephera kufunditsa zisa zonse, ana a m'mphepete amafa ndipo mfumukazi imachepetsa kuikira mazira. Apa ndiye pagona nkhani ya ndalama. Kuchokera pa dzira kufika pa njuchi yantchito pamatenga pafupifupi masabata atatu, ndipo njuchiyo imagwira ntchito za m'nyumba masabata ena atatu isanayambe kupita kumaluwa. Mitengo ya m'nkhalango monga tsamba ndi mombo imayamba maluwa cha mu Sepitembala. Ndiye kuti njuchi zodzatuta timadzi ta maluwa amenewo ziyenera kuikiridwa mazira kumayambiriro kwa Ogasiti. Banja limene lafika mu Ogasiti lili lofooka limathera nyengo yonse ya maluwa likudzimanga lokha, osakusungirani uchi.

Kumbukiraninso kuti njuchi za kuno ku Africa sizipirira malo ovuta. Njala, chisanu kapena nyerere zikanyanya, zimangonyamuka zonse n'kusiya mng'oma.

Chepetsani nyumba

Ntchito yoyamba ndi kuchepetsa malo. Dulani thabwa lopyapyala kapena katoni yolimba molingana ndi m'kati mwa mng'oma, kuti likhale ngati khoma logawa chipinda. Likhomereni pansi pa kathabwa kamodzi kapamwamba kuti muzitha kulisuntha. Sunthirani zisa zonse za njuchi kumbali kuli khomo osasintha ndondomeko yake, siyani kathabwa kamodzi kapena tiwiri topanda chisa, kenako ikani khoma lija. Banja likamakula, muzisunthira khomalo kumbuyo pang'onopang'ono.

Zisa za uchi zikhale moyandikana ndi zisa za ana, chifukwa kukazizira njuchi sizisiya ana kuti zikatenge chakudya kumapeto kwa mng'oma. Musaike kathabwa kopanda chisa pakati pa zisa za ana m'nyengo ino. Kutero n'kung'amba bulangete pakati.

Onetsetsani kuti timatabwa tapamwamba tagundana bwino. Kathabwa kalikonse kayenera kukhala mamilimita 32 m'lifupi, ndipo tikagundana timapanga denga losalowa mphepo. Ming'alu ya m'mbali ndi pansi imateni ndi dothi losakaniza ndi phulusa. Njuchi nazo zimamata ming'alu ndi utomoni umene zimatenga m'mitengo, choncho musamapale utomoniwo nthawi yachisanu.

Amene muli ndi Langstroth, chotsani bokosi lapamwamba ngati mulibe njuchi, ndipo m'bokosi lapansi gwiritsani ntchito khoma lomwelo. Amene njuchi zanu zikadali m'kabokosi kokopera ka timatabwa 5 kapena 6, musafulumire kuzisamutsira mu mng'oma waukulu. Zisiyeni momwemo mpaka zidzaze kabokosiko. Amene muli ndi mng'oma wa chipika choboola, kankhirani chotsekera chakumbuyo m'kati kuti chiyandikire zisa, kenako matani m'mbali mwake.

Chepetsani khomo

Khomo lalikulu limalowetsa mphepo ndiponso limafuna alonda ambiri. Banja laling'ono lisiyireni khomo lotalika mamilimita 8 kuchoka pansi kupita m'mwamba, ndi masentimita 2 kapena 3 m'lifupi, loti njuchi ziwiri kapena zitatu zidutse nthawi imodzi. Ngati mng'oma wanu uli ndi timabowo tozungulira, siyani tiwiri kapena titatu, tinato tsekani ndi timitengo kapena chitsononkho cha chimanga.

Khomo lotere limaletsa adani akuluakulu monga mbewa, abuluzi, zikumbu zikuluzikulu ndi chigulugufe chija chimalowa usiku kudzamwa uchi. Limathandizanso polimbana ndi njuchi zakuba zochokera ku ming'oma ina, zomwe zimachuluka maluwa akasowa. Mukaona njuchi zikumenyana pakhomo, zina zikuzungulira m'ming'alu kufuna polowera, dziwani kuti banja lanu likuberedwa. Chepetsani khomo mpaka pa njuchi imodzi kwa masiku angapo.

Koma musatseke khomo lonse, ndipo musakulunge mng'oma ndi pulasitiki. Njuchi zimapuma ndipo zimatulutsa nthunzi. Nthunziyo ikasowa kotulukira imasanduka madzi n'kumadonthera pa zisa, kenako nkhungu imamera. Njuchi zouma zimapirira chisanu, koma zonyowa sizichedwa kufa.

Malo ndi denga

Mphepo yozizira ya miyezi ino imachokera kum'mwera chakum'mawa, pomwe dzuwa limadutsa chakumpoto. Choncho khomo la mng'oma liyang'ane kumpoto kapena kumpoto chakum'mawa, kuti lilandire dzuwa la m'mawa n'kufulatira mphepo. Ngati palibe tchire kapena mitengo yotchinga, mangani mpanda wa udzu kapena mapesi mbali ya kum'mwera ndi kum'mawa, motalikirana ndi mng'oma ngati mita imodzi kapena awiri.

Pewani pansi penipeni pa dambo. Mpweya wozizira ndi wolemera, usiku umatsikira m'zigwa, n'chifukwa chake m'dambo mumachita nkhungu m'mamawa pomwe kumtunda kuli bwino. Mthunzi wandiweyani umene umathandiza mu Okutobala umapweteka mu Julayi. Sadzani nthambi zochepa kuti dzuwa la m'mawa lizifika.

Ngati mng'oma uyenera kusuntha, musaunyamule mtunda wa mamita 20 kapena 50 tsiku limodzi, chifukwa njuchi zopita kumaluwa zidzabwerera pamalo akale n'kutayika. Usuntheni madzulo, osapitirira mita imodzi pa masiku awiri kapena atatu aliwonse. Apo ayi, upititseni kutali kopitirira makilomita 5.

Kutentha kwambiri kumathawira padenga. Chivundikiro cha malata chimazizira usiku ndi kutentha masana. Yalani chiguduli chouma kapena katoni pakati pa timatabwa ndi chivundikiro, ndipo pamwamba pake folerani udzu ngati kadenga ka nkhokwe. Muziyang'ana chigudulicho sabata iliyonse chifukwa nyerere ndi mphemvu zimakonda kumangamo. Mng'oma upendekeke pang'ono chakukhomo kuti madzi a chiperoni asalowe m'kati.

Chakudya ndi madzi

Lamulo loyamba: banja laling'ono silifulidwa. Ngakhale muone chisa chimodzi chodzaza uchi wokhwima, chisiyeni. Botolo limodzi limene mungagulitse lero likhoza kukutayitsani ndowa ya mu Disembala.

Kuti mudziwe ngati muli chakudya, tukulani mng'oma kumbuyo ndi dzanja limodzi ndipo muzikumbukira kulemera kwake sabata ndi sabata. Ukamapepuka, njala yayandikira. Chizindikiro china ndi njuchi zounjikana pa madeya ndi ufa kuchigayo. Zikatero ndiye kuti mungu wasowa kutchire.

Chakudya chabwino koposa ndi chisa cha uchi chochokera ku mng'oma wanu wina wamphamvu ndi wathanzi. Sasani njuchi zonse pachisacho musanachisamutse. Musadyetse njuchi uchi wogula pamsika, chifukwa ungabweretse matenda ochokera ku ming'oma imene simukuidziwa.

Ngati mulibe chisa chotere, gwiritsani ntchito shuga woyera. Mu Juni ndi Julayi sungunulani makapu awiri a shuga mu kapu imodzi ya madzi owiritsa, ndipo dikirani azizire. Madzi okhuthala chonchi savutitsa njuchi kuumitsa. Kuyambira kumapeto kwa Julayi sinthani: kapu imodzi ya shuga mu kapu imodzi ya madzi. Madzi opepukawa amafanana ndi timadzi ta maluwa ndipo amalimbikitsa mfumukazi kuikira mazira.

Thirani m'botolo la chitsekerero chobooledwa timabowo ting'onoting'ono ndi msomali, n'kulizondotsa pa timitengo tiwiri m'kati mwa mng'oma. Kambale kosazama nakonso kamagwira ntchito bola muikemo timitengo kapena udzu wouma kuti njuchi zisamire. Ikani chakudya madzulo, m'kati, osati panja. Kudyetsera panja n'kuitana njuchi za mudzi wonse ndi nyerere zomwe. Perekani pang'ono, osapitirira theka la lita, zoti zithe m'masiku awiri kapena atatu. Madzi a shuga akayamba kusasa, atayeni kutali ndi ming'oma n'kutsuka botolo.

Maluwa akangoyamba ndipo njuchi zikubwera zolemedwa, siyani kudyetsa. Madzi a shuga akalowa mu uchi wogulitsa, uchiwo umakhala wachinyengo. Ogula akuluakulu amayeza, ndipo uchi wopita m'masitolo umayenera kukwaniritsa miyezo ya bungwe la Malawi Bureau of Standards. Mbiri ya wogulitsa ikaipa kamodzi, kuikonza kumatenga zaka.

Madzi akumwa akhale pafupi. Njuchi zimawafuna posungunula uchi wodyetsa ana, ndipo miyezi ino timitsinje tikuphwa. Ikani beseni la madzi oyera padzuwa, muli miyala kapena zitsononkho zoterapo.

Musatsegule chisawawa

Mukatsegula mng'oma, kutentha kumene njuchi zasonkhanitsa usiku wonse kumatuluka nthawi yomweyo. Zambiri mungazidziwe mutangoima pambali pa khomo dzuwa litakwera. Njuchi zolowa ndi mungu kumiyendo zikusonyeza kuti m'kati muli ana ndipo mfumukazi ikugwira ntchito. Mphutsi zoyera zotayidwa pansi pa khomo zikusonyeza kuti ana azizidwa kapena chakudya chatha. Ngati njuchi sizikupita kumaluwa ngakhale kunja kuli dzuwa, ndipo mungu wasiya kulowa kwa masiku angapo, zikhoza kukhala kuti zikukonzekera kuthawa.

Mukafuna kuona m'kati, sankhani tsiku la dzuwa lopanda mphepo, pakati pa 11 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana. Valani zodzitetezera ngakhale njuchi zili zochepa. Fukizani utsi pang'ono, yambirani kumbali ya khoma logawira, tukulani chisa chimodzi pa nthawi n'kuchibwezera pomwe chidali. Mphindi 5 ndi zokwanira. Kamodzi pa masabata awiri kapena atatu n'kokwana, kupatula poika chakudya.

Nyerere, njenjete ndi chiuli

Linthumbu likhoza kuthamangitsa banja laling'ono usiku umodzi. Pachikani mng'oma pa mawaya pakati pa mitengo iwiri kapena nsanamira, ndipo pakani girizi pa waya aliyense. Girizi amauma ndi fumbi, choncho muzionjezera masabata awiri aliwonse. Ngati mng'oma uli pa thandala, miyendo yake ikhale m'zitini za oyilo wakutha, ndipo zitinizo muzivundikire pang'ono kuti njuchi zisagweremo. Wazani phulusa pansi, ndipo dulani udzu kapena nthambi iliyonse yokhudza mng'oma, chifukwa umenewo ndi mlatho wa nyerere.

Njenjete ya phula ndi kagulugufe kotuwa kamene kamaikira mazira pa zisa zopanda alonda. Mphutsi zake zimaboola zisa n'kusiya ukonde. Banja lamphamvu limazichotsa lokha, koma laling'ono silingathe kulondera zisa zonse. Chotsani chisa chilichonse chimene njuchi sizikuchiphimba ndipo mulibe uchi, mungu kapena ana. Zisa zoyera ndi zowongoka zipachikeni pamalo owala, opita mphepo, motalikirana, kuti mudzazibwezere mu Sepitembala. Njuchi zimadya makilogalamu angapo a uchi kuti zipange kilogalamu imodzi ya phula, ndiye chisa chomanga kale ndi chuma. Zisa zakuda ndi zothyoka zisungunuleni. Phula lili ndi msika wake kwa opanga makandulo, mafuta odzola ndi polishi, komanso mumalifuna popaka timatabwa tokopera njuchi zina.

Chiuli ndi kanyama kamphamvu kosaopa mbola. Kamagwetsa mng'oma, kukanganula chivundikiro n'kudya ana ndi uchi. Mng'oma wolendewera pa waya, pamtunda wa mita imodzi ndi theka kuchoka pansi, umachivuta chifukwa umagwedezeka ndipo chimasowa popondera. Mangani chivundikiro ndi waya mozungulira mng'oma wonse. Ngati nsanamira ndi zamitengo, zikulungeni ndi lata losalala kuti chisakwere.

Moto, akuba ndi mankhwala

Kuyambira mu Julayi udzu wauma ndipo osaka mbewa ayamba kutentha tchire. Moto wa lupsa suchita kufika pa mng'oma kuti uwononge, utsi ndi kutentha kwake n'zokwanira kuthamangitsa njuchi. Lambulani udzu wonse pansi pa ming'oma ndipo limani mseu wotchinga moto wa mamita 3 kapena kuposa kuzungulira malo onse. Chitani izi panopa, udzu usanaumiretu. Mukamaliza kufukiza utsi, thirani madzi pa makala kapena akwirireni. Kadenga ka udzu ndi mpanda wotchinga mphepo zichotsedwe kukayamba kutentha, chifukwa nthawi imeneyo zimasanduka nkhuni.

Wakuba uchi sasankha, amadula ndi zisa za ana zomwe, ndipo ena amanyamula mng'oma wonse. Lembani dzina lanu kapena la kalabu pa mng'oma ndi penti kapena chitsulo chamoto. Ming'oma ikhale pamalo oti inu kapena anzanu mumadutsapo kawirikawiri, koma motalikirana ndi nyumba, makola ndi njira za ana asukulu mamita 100 kapena kuposa. Dziwitsani amfumu ndi komiti yoona zachilengedwe m'mudzi za malo a ming'oma yanu, kuti mlandu wa moto kapena kuba ukhale ndi poyambira. Amene mumapachika ming'oma m'nkhalango za boma kapena m'malo osungira nyama monga ku Nyika ndi ku Kasungu, chilolezo chanu chikhale m'manja ndipo muzigawana masiku oyendera. Mutu umodzi susenza denga.

Miyezi ino maluwa ambiri ali m'madimba, komwenso alimi a tomato, mpiru ndi nyemba akupopera mankhwala. Banja lalikulu likataya njuchi zina limapirira, koma laling'ono likhoza kutheratu. Kambiranani ndi eni madimba oyandikana nanu kuti azipopera madzulo njuchi zitabwerera, ndiponso asamapopere mbewu zili pa maluwa ngati n'kotheka. Akumbutseni kuti maungu, nkhaka ndi mbewu zina zambiri zimabereka bwino chifukwa cha njuchi zomwezo.

Pamene kuphatikiza kuli bwino kuposa kusunga

Si banja lililonse loyenera kulilimbikira. Ngati njuchi zatsala zodzaza chisa chimodzi kapena ziwiri zokha, kapena mfumukazi idafa, shuga wanu angopita pachabe. Mfumukazi imatha kupumira kuikira chifukwa cha njala, choncho musaweruze msanga. Dyetsani banjalo sabata imodzi n'kuonanso. Ngati mulibebe mazira, kapena mukuona mazira angapo m'kachipinda kamodzi ndipo zikubadwa ndi njuchi zazimuna zokhazokha, mfumukazi mulibe.

Mabanja awiri ofooka akaphatikizidwa amafunda bwino, amalondera khomo limodzi ndipo amakula msanga. Yandikizitsani ming'oma iwiriyo pang'onopang'ono monga tafotokozera. Ngati onse ali ndi mfumukazi, siyani imene ikuikira bwino, inayo ichotseni. Madzulo, chotsani khoma logawira mu mng'oma wolandira n'kuikapo tsamba limodzi la nyuzipepala lobooledwa timabowo tochepa, lotseka bwino m'mbali. Nyuzipepala yomweyi ikwanira mukatha kuwerenga. Samutsirani timatabwa ta banja linalo kuseri kwa pepalalo n'kutseka. M'masiku awiri kapena atatu njuchi zimakhala zaboola pepala, fungo lasakanikirana, ndipo sizimenyana. Pakatha sabata, ikani zisa za ana pamodzi n'kubwezera khoma.

Ngati simudachitepo zimenezi, itanani mlangizi wa zankhalango kapena mlimi mnzanu wozolowera kuti mukhale naye tsiku loyamba. Paja safunsa adadya phula.

Masamu ake

Tengani pepala mulembe mbali ziwiri. Mbali yoyamba lembani zolowa: makilogalamu 2 kapena 3 a shuga, kachitini ka girizi, waya, thabwa kapena katoni, ndi masiku anu ogwira ntchito. Chiguduli, udzu, phulusa ndi zitsononkho zili kale pakhomo. Mbali yachiwiri lembani zotuluka. Funsani mtengo wa uchi pamsika wanu sabata ino, ndipo muona kuti kilogalamu imodzi ya uchi ndi yokwera mtengo kuposa kilogalamu imodzi ya shuga. Ndiye kuti ngakhale banjalo litadzakupatsani makilogalamu 5 okha mu Disembala, labweza zonse n'kutsala phindu, ndipo chaka chamawa mudzaliyamba lili banja lalikulu loti mukhoza kugawa.

Powerengera, musasokoneze lita ndi kilogalamu. Uchi ndi wolemera kuposa madzi: lita imodzi imalemera pafupifupi kilogalamu 1.4, choncho ndowa ya malita 20 imakhala ndi makilogalamu pafupifupi 28. Wogula amene akukupatsani mtengo wa kilogalamu koma akuyeza ndi botolo la lita akukudyerani masuku pamutu.

Lembaninso m'kabuku nambala ya mng'oma uliwonse, kuchuluka kwa zisa, tsiku lodyetsa ndi shuga amene walowa. Mu Disembala kabukuko kadzakuuzani malo amene njuchi zimapirira chisanu, ndi mabanja amene ndi oyenera kuwachulukitsa.

Ntchito mwezi ndi mwezi

Juni: werengani zisa, ikani khoma logawira, chepetsani khomo, matani ming'alu, folerani denga, chotsani zisa zopanda njuchi.

Julayi: tukulani ming'oma sabata iliyonse, dyetsani yopepuka, onjezerani girizi, malizani mseu wotchinga moto, phatikizani mabanja ofooketsetsa.

Ogasiti: pitirizani madzi a shuga opepuka, onani ngati mfumukazi ikuikira, sunthirani khoma kumbuyo njuchi zikadzaza zisa zonse. Mango akachita maluwa mudzaona mungu ukuchuluka pakhomo.

Sepitembala: siyani kudyetsa maluwa akachuluka, kulitsani khomo, bwezerani zisa zimene mudasunga, chotsani chiguduli ndi mpanda wa udzu. Kuyambira apa vuto silikhalanso chisanu koma kutentha, ndiye mthunzi ndi madzi zikhale patsogolo.

Ming'oma yodzaza imatha kudikira sabata yamawa. Yambani lero ndi mng'oma wopepuka kwambiri, chifukwa ndi umene ungakhale wopanda njuchi mukadzabweranso.